Timu ya ku Dubai Yomwe Siiphonya Ulendo wa ku Chiang Mai

 Lero mpira wamiyendo tiupumitse kaye, tikambe za kiriketi. Sindikunena kiriketi ya akatswiri aja olandira mamiliyoni ku India ndi ku England. Ndikunena ya anthu wamba, anthu apantchito, amene chaka ndi chaka amakagogoda kwa abwana awo kupempha tchuthi, kupisa m'thumba mwawo kugula tikiti ya ndege, n'kuuluka maola oposa 7 kukasewera masewero oti ngakhale ola limodzi sakwanitsa.

Timu yake ndi Darjeeling Cricket Club ya mumzinda wa Dubai. Mpikisano wake ndi Chiang Mai International Cricket Sixes, womwe umachitikira kumpoto kwa dziko la Thailand chakumapeto kwa Malichi kapena kumayambiriro kwa Epulo, kutatsala masiku ochepa kuti anthu a kumeneko ayambe chikondwerero chawo cha chaka chatsopano cha Songkran. Mpikisanowu unayamba mu 1988. Darjeeling inalipo chaka choyambacho, ndipo kuchokera pamenepo yakhala ikubwerabe. Anzake ena amene ayenda nawo mtunda wonsewu ndi a Drifters a ku England ndi a Wombats a ku Australia. Mwana amene anabadwa chaka chimene anthuwa anayamba ulendowu, lero ndi bambo kapena mayi wa ana akuluakulu.

Kwa inu amene kiriketi simunaionerepo, ndifotokoze pang'ono kuti tiyendere limodzi. Pakati pa bwalo pamakhala kanjira kosalala kotalika mamita 20, ndipo mbali zonse ziwiri amazikako timitengo titatu. Wina amaponya mpira wolimba wachikopa kulunjika pa timitengoto, wina n'kumautchinga ndi kuumenya ndi thabwa lotchedwa bat. Akaumenya, iye ndi mnzake amathamanga kusinthana malo, ndipo akasinthana kamodzi ndiye kuti apeza run imodzi. Mpira ukagubuduzika mpaka kutuluka m'malire a bwalo, amenewo ndi ma run 4. Ukauluka n'kukagwera kunja osakhudza pansi, ndi 6. Timitengo tija tikagwetsedwa, kapena wina akauwakha mpirawo uli m'malere, womenyayo watuluka, alowe wina.

Kiriketi yachikale imakhala ya anthu 11 mbali iliyonse, ndipo masewero aakulu otchedwa Test amatha masiku 5. Ya ku Chiang Mai ndi yachidule. Timu imakhala ya anthu 6, ndipo mbali iliyonse imaponyeredwa ma over 5 okha, over imodzi kukhala mipira 6. Pakatha mphindi ngati 45, zatha, ena alowe.

Pali malamulo awiri a kiriketi ya anthu 6 amene ine ndimawakonda kwambiri, chifukwa ndi amene amaupatsa mpikisanowu mtima wake. Loyamba ndi lakuti aliyense m'timu, kupatula wowakha mpira kumbuyo kwa timitengo, ayenera kuponya over yake. Palibe kubisala kumbuyo kwa katswiri. Ngati m'timu mwanu muli mdala wa zaka 60 wodwala bondo, nthawi yake ikakwana amupatsa mpira, aponyere mnyamata wamphamvu amene akuulutsa mipira kudutsa pamwamba pa mitengo. Lachiwiri ndi lakuti womenya akafika pa chiwerengero cha ma run chimene malamulo anaika, amayenera kutuluka kaye kuti anzake alaweko. Munthu mmodzi sangasenze timu yonse payekha ngakhale atakhala waluso chotani. Zotsatira zake n'zakuti wofooka uja amakhala wofunika, ndipo timu imene imasunga anthu ake kwa zaka zambiri imadziwa kale pomuika aliyense.

Bwalo limene amasewererapo lili ndi mbiri yakeyake. Ndi la Chiengmai Gymkhana Club, kalabu imene inakhazikitsidwa mu 1898. Inu odziwa Zomba, dzina loti Gymkhana si lachilendo kwa inu, pakuti ndi mtundu womwewo wa makalabu amene Angerezi ankayambitsa kulikonse kumene afika. Kusiyana kwake n'kwakuti dziko la Siam, lomwe lero timati Thailand, silinalamulidwepo ndi atsamunda. Azungu amene anali ku Chiang Mai nthawi imeneyo anatsatira mitengo ya teak, mitengo yolimba yopangira zombo ndi mipando. Makampani monga Borneo Company ndi Bombay Burmah Trading Corporation ankatumiza anyamata awo m'nkhalango za kumapiri, komwe njovu zinkakoka zipika kuzifikitsa kumitsinje, madzi n'kumazikokolola kutsika mtsinje wa Ping mpaka kukafika ku Bangkok. Chipika chimodzi chinkatha zaka chili paulendo. Njanji inali isanafike ku Chiang Mai, inadzafika cha m'ma 1920, choncho ulendo wochokera ku Bangkok unali wa masabata angapo pa bwato.

Anyamata aja ankakhala miyezi yambiri m'tchire osaonana. Ikafika Khirisimasi, onse ankatsikira mumzinda kudzakumana pa kalabuyi, kuthamangitsa akavalo, kusewera polo ndi kufunsana za moyo. Mmodzi mwa amene anayambitsa kalabuyi anali Louis Leonowens, mwana wa Anna Leonowens, mayi amene anaphunzitsapo ana a Mfumu Mongkut, yemwe nkhani yake inadzatchuka m'sewero la The King and I. Pafupi ndi bwaloli pali manda a anthu akunja, pomwe paima chiboliboli cha Mfumukazi Victoria, ndipo pakalabupo pali chimtengo chachikulu chamthunzi chimene aliyense wofikapo amachikumbukira. Choncho malowa anayamba kale kukhala pokumanira anthu obalalika, kamodzi pachaka. Amene anayambitsa mpikisano wa kiriketi mu 1988 anangodzutsa chizolowezi chimene chinalipo kale.

Tsopano tiwoloke tipite ku Dubai. Kalabu ya Darjeeling inayamba mu 1969, ndipo dzina lake ndi la tawuni ya m'mapiri a ku India yotchuka ndi tiyi. Taganizirani chaka chimenecho. Dziko la United Arab Emirates kunalibe, linadzabadwa pa 2 Disembala 1971. Ndiye kuti kalabuyi ndi yaikulu msinkhu kuposa dziko limene ilimo. Dubai anali tawuni ya padoko ya anthu pafupifupi 60,000, ndipo chaka chomwecho cha 1969 ndi chimene anayamba kugulitsa mafuta kunja. Kiriketi ya m'maiko a m'chipululu amenewa inkaseweredwa pamchenga, pakati atawaka simenti kapena atayala mphasa yokhuthala. Kapinga kunalibe. Wothamangira mpira akadumphira pansi ankadzuka mawondo atasupuka.

Zimene zachitika ku Dubai kuchokera pamenepo mumazidziwa. Lero kuli anthu oposa 3.5 miliyoni. Ku Sharjah, mzinda woyandikana nawo, kunamangidwa bwalo limene mu 1986 Javed Miandad wa Pakistan anaulutsa mpira wotsiriza kunja kwa malire n'kugonjetsa India, chinthu chimene maiko awiriwa sanachiiwale mpaka lero. Mu 2005 bungwe loyendetsa kiriketi padziko lonse, ICC, linasamutsa likulu lake kuchoka ku bwalo la Lord's mumzinda wa London kupita ku Dubai. Kiriketi ya ndalama inaupeza mzindawu. Koma kalabu ya anthu osewera mongokonda ija inalipo kale zonsezi zisanabwere, ndipo ikadalipo.

Apa ndi pamene pagona nkhani yanga, omvera. Dubai ndi mzinda wa anthu odutsa. Pa anthu 10 alionse okhala kumeneko, pafupifupi 9 ndi obwera. Ambiri chilolezo chawo chokhalira m'dzikomo chimamangiriridwa ku ntchito, moti ntchito ikatha, nawenso uyambe kulongedza. Munthu akhoza kukhalako zaka 20 osakhala nzika. Ndiye kalabu ya mumzinda wotere imataya anthu chaka chilichonse. Woponya mpira wodalirika wasamutsidwira ku Singapore, kaputeni wabwerera kwawo ku Johannesburg, wosunga chuma ntchito yamuthera. Timu ya pamudzi imakhalitsa chifukwa agogo, bambo ndi mdzukulu onse anasewerapo pabwalo limodzi, ndipo manda awo ali pafupi pomwepo. Timu ya ku Dubai ilibe mizu yotere. Komabe kwa zaka zoposa 35 dzina lake lakhala likuoneka pa ndandanda ya matimu ku Chiang Mai.

Zimenezi sizichitika zokha. Chaka chilichonse payenera kupezeka munthu wina wolemba mayina, wotolera ndalama, wosungitsa malo ogona, wosoketsa mayunifomu, woimbira foni uja walonjeza koma wayamba kuzengereza. Munthu ameneyo salipidwa, ndipo dzina lake silituluka m'nyuzipepala. Asanachoke mumzindamo ayenera kupeza wina womusiyira ntchitoyo, n'kumulowetsa chikondi cha ulendo umene mwina sanauyendepo. Chaka chimodzi chokha munthu wotere atasowa, chingwe chaduka. Ine ndikamva zoti timu yapita kumpikisano umodzi zaka zonsezi, sindifunsa kuti yatenga zikho zingati. Ndimaganiza za mzere wa anthu amene akhala akupatsirana udindowu, ambiri a iwo osadziwana n'komwe.

Ndipo zifukwa zolekera zinalipo zambiri. Kumayambiriro kwa 1991 kunali nkhondo ku Kuwait, pakhomo penipeni pa Dubai, ndipo mwezi wa Febuluwale chaka chomwecho asilikali analanda boma ku Thailand. Mu Julayi 1997 ndalama ya Thailand, baht, inagwa n'kugwetsa chuma cha maiko ambiri a ku Asia. Mu Malichi 2003 nkhondo ya ku Iraq inayamba nthawi imodzi ndi mantha a matenda a SARS, anthu n'kumaopa kukwera ndege zopita kum'mawa. Mu 2009 chuma cha Dubai chinagwedezeka, anthu ambiri ntchito zinawathera. Asilikali a Thailand analandanso boma mu 2006 ndi mu 2014. Pa zaka zonsezi mpikisano sunaime. Mu 2017 unachitika kachi 30, mu 2019 kachi 32. Chimene chinauimitsa ndi Covid-19 basi. Mu 2020, 2021 ndi 2022 bwalo lija linangoti zii. Mpikisano waung'ono ngati umenewu ukanatha kufera pomwepo, chifukwa chizolowezi chikaduka zaka zitatu, anthu amapeza kwina kopita. Wa ku Chiang Mai unadzuka mu 2023.

Musaganizenso kuti kumeneko amapitira nyengo yabwino. Malichi ndi Epulo ndi miyezi yotentha kwambiri kumpoto kwa Thailand, dzuwa limaswa mtengo, kutentha kumayandikira madigiri 40. Ndi nthawinso imene alimi amatentha minda ndipo nkhalango zimapsa, utsi n'kudzaza chigwa chonse cha Chiang Mai, kumwamba kuli mbuu, phiri la Doi Suthep lomwe lili pafupi ndi mzinda osaoneka. Masiku ena mzindawu umakhala m'gulu la mizinda ya mpweya woipa kwambiri padziko lonse. Limeneli ndi vuto lenileni, makamaka kwa ana amene amasewera panja, ndipo okonza mpikisanowu sangalinyalanyaze mpaka kalekale.

Mwina wina akufunsa kuti, nanga ife zikutikhudza chiyani kuti azibambo a ku Dubai amapita kukasangalala ku Thailand? Funsolo ndi labwino, ndipo yankho lake lili pa ana.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame. Amafika m'mawa, dzuwa likakwera wapita. Matimu pafupifupi 30 amene amasonkhana ku Chiang Mai amakhala sabata imodzi yokha, kenako aliyense ulendo wa kwawo. Akanakhala obwera kamodzi, palibe chimene chikanamera. Koma mlendo amene ukudziwa kuti chaka chamawa abweranso, ndi chinacho abweranso, ukhoza kumuwerengera. Mphunzitsi wa pasukulu akhoza kuyamba kuphunzitsa ana masewero achilendowa podziwa kuti ma bat ndi mipira zikatha, zina zibwera mu Epulo. Mwana akhoza kulimbikira podziwa kuti kuli tsiku limene adzasewere pabwalo lalikulu anthu akuonerera.

Ndi mmene zinayendera. Pambali pa mpikisano wa akuluakulu panayambika kiriketi ya ana yotchedwa Sawasdee, yoseweredwa ndi mpira wofewa kuti mwana asavulale komanso kuti sukulu isafune zipangizo zodula. Masukulu a ku Chiang Mai ndi a chigawo choyandikana nacho cha Lamphun anailandira, ndipo ana amakhala ndi mpikisano wawo sabata yomweyo ya Sixes. Ndalama zina zimachokera kwa osewera achikulire aja. Mu kiriketi, munthu akatuluka asanapeze run ngakhale imodzi amati wachita duck, ndipo ku Chiang Mai wotero amalipira chindapusa chimene chimapita ku thumba la kiriketi ya ana. Ena mwa ana amene athandizidwa ndi ochokera m'mitundu ya anthu a m'mapiri a kumpoto, anthu amene kwa nthawi yaitali akhala kumbuyo pa maphunziro ndi pa chuma, ena mpaka kusowa ziphaso za unzika m'dziko lobadwira.

Thailand si dziko la kiriketi. Anthu a kumeneko amakonda mpira wamiyendo, nkhonya zawo za Muay Thai ndi takraw. Koma mverani izi. Timu ya amayi ya dzikolo inasewera masewero ake oyamba ndi dziko lina mu 2007. Patangotha zaka 12, mu Seputembala 2019 ku Scotland, inadzigulira malo ku mpikisano wa dziko lonse wa kiriketi yachidule ya T20 umene unachitikira ku Australia mu 2020. Aka kanali koyamba kuti timu iliyonse ya Thailand, ya amuna kapena ya akazi, ifike pa World Cup ya kiriketi. Anthu amakumbukira mmene atsikanawa ankaikira manja pamodzi n'kuwerama, kupereka ulemu kwa anzawo opikisana nawo ndi kwa oonerera. Ine ndimakumbukira kwambiri za pa 3 Malichi 2020 ku Sydney, pamene anamenya ma run 150 atangotaya anthu atatu posewera ndi Pakistan, mvula n'kubwera kudzasokoneza masewero amene akanatha kupambana. Amene anatsogolera tsikulo ndi ma run 56 anali Natthakan Chantham, mwana wobadwira ku Chiang Mai, amene kiriketi anaiyamba ali pasukulu. Mu Okutobala 2022 ku Sylhet m'dziko la Bangladesh, mvula sinabwere, ndipo Thailand inagonjetsadi Pakistan pa Asia Cup, Chantham yemweyo atamenya 61. Kaputeni wa tsiku limenelo, Naruemol Chaiwai, nayenso kwawo ndi ku Chiang Mai.

Pamenepa ndichenjeze, kuti ulemu usapite kolakwika. Amayiwa sanapangidwe ndi alendo a sabata imodzi. Anadzipanga okha ndi thukuta lawo, mothandizidwa ndi bungwe la Cricket Association of Thailand, limene poyamba linakatenga atsikana osewera softball, monga kaputeni wawo wakale Sornnarin Tippoch, n'kuwaphunzitsa masewero atsopano, kenako n'kuwapatsa makontirakiti kuti azisewera ngati ntchito. Osewera ambiri anachokera m'zigawo zina za dzikolo kutali ndi Chiang Mai. Chimene mpikisano wa Sixes unachita ndi chocheperapo, koma n'chenicheni. Unasunga bwalo la kiriketi lamoyo kumpoto kwa dzikolo pa zaka zimene palibe amene ankalabadira, unaika bat m'manja mwa ana a m'masukulu a boma, ndipo unawaonetsa kuti masewerowa ali ndi dziko lonse kumbuyo kwake.

Ndikakumbukira zimene zinawachitikira amayiwa ku Harare, mtima umandiwawa mpaka lero. Mu Novembala 2021 ku Zimbabwe kunali mpikisano wopezera malo ku World Cup ya ma over 50. Thailand inapambana masewero atatu mwa anayi, kuphatikizapo kugonjetsa Bangladesh ndi eni bwalo a Zimbabwe, ndipo inali pamwamba pa gulu lake. Kenako kunamveka za mtundu watsopano wa Covid wotchedwa Omicron, maiko anayamba kutseka malire kwa ochokera kum'mwera kwa Africa, mpikisano n'kuthetsedwa pakati. ICC inagamula kuti malo aperekedwe potsatira mndandanda wa matimu a ODI, omwe ndi masewero a ma over 50 a pakati pa maiko, mndandanda umene Thailand sinalimo chifukwa inali isanapatsidwe udindo wosewera masewero a mtundu umenewo. Bangladesh imene anaigonjetsa inapita ku New Zealand, iwo anabwerera kwawo chimanjamanja. Udindowo anadzawapatsa mu 2022, phwando litatha kale. Akuluakulu a masewerowa amalankhula kwambiri za kufalitsa kiriketi padziko lonse, koma pamene dziko latsopano linagogoda pakhomo ndi zipambano m'manja, chitseko chinali chokhoma.

Nkhani yokhoma zitseko si yachilendo mu kiriketi, ndipo imakhudzanso timu yathu ya ku Dubai ija. Mawu oti kusewera mongokonda, osalandira kanthu, amamveka okoma, koma mbiri yake ku England inali ya tsankho. Amene ankasewera osalipidwa anali ana a anthu olemera, ndipo ankatchedwa Gentlemen. Amene ankalipidwa anali ana a anthu ogwira ntchito m'migodi ndi m'mafakitale, ndipo ankatchedwa Players. Kuyambira mu 1806 mpaka mu 1962 magulu awiriwa ankapikisana m'masewero akeake. Ngakhale akhale m'timu imodzi, ankavalira m'zipinda zosiyana, ndipo pa mabwalo ena ankalowera pa zipata zosiyana. Kwa zaka zambiri kaputeni wa England ankayenera kukhala wa gulu la olemera lija, mpaka mu 1952 pamene Len Hutton, mwana wa mmisiri womanga nyumba wa ku Yorkshire, anapatsidwa udindowo. Tsankholi linathetsedwa kumapeto kwa 1962.

Ku Chiang Mai mayina awiriwa akugwirabe ntchito, koma mwa njira ina. Matimu amphamvu amaikidwa m'gulu la Players, ndipo obwera makamaka kudzacheza amakhala m'gulu la Gentlemen, kuti mdala wodwala bondo uja asakumane ndi mnyamata woponya mpira ngati mphezi. Zikho zilipo zingapo, kuyambira chachikulu mpaka cha matimu otsalira, moti pafupifupi aliyense amakhala ndi chomenyera mpaka tsiku lomaliza. Matimu a ku Bangladesh atengapo chikho chachikulu kangapo. Zimenezi n'zabwino, ndipo tsankho lakale lija mulibemo. Komabe chipata china chikadalipo, ndipo mlonda wake ndi ndalama. Tikiti ya ndege, hotela ya sabata yathunthu, ndalama yolembetsera timu, chakudya, ndi mowa umene umamwedwa wambiri ndithu sabata imeneyo, zonsezi zimafuna munthu wa malipiro abwino. Amene angakwanitse kusewera mongokonda kutsidya kwa nyanja ndi amene thumba lake lili bwino.

Pamenepa ndimaganiza za osewera ena a ku Dubai komweko. Pa tsiku lawo lopuma, kukangocha, m'malo oimika magalimoto ndi m'mabwalo a mchenga a ku Al Quoz, ku Sonapur ndi ku Sharjah mumadzaza anyamata ochokera ku Pakistan, India, Bangladesh, Nepal ndi Sri Lanka. Ndi amene amamanga nyumba zosanja zija, oyendetsa matakisi, otsuka mbale m'mahotela. Mpira wawo ndi wa tenesi wokulungidwa ndi tepi ya magetsi, timitengo tawo ndi njerwa kapena kreti ya zakumwa. Amayamba m'mamawa kuthawa dzuwa, ena atagwira ntchito usiku wonse. Palibe amene amawalipira. Ngati tikufuna anthu okonda kiriketi popanda phindu lililonse, ndi amenewa, ndipo ndi ochuluka kwambiri kuposa mamembala a makalabu onse a mumzindamo. Ena mwa iwo amaponya mpira mwaluso loti likhoza kusokoneza timu iliyonse ya m'gulu la Players. Koma malipiro awo a mwezi amathera kumudzi, kwa makolo ndi ana, ndipo ulendo wa ku Thailand sungalowe n'komwe m'maloto awo.

Sindikunena zimenezi pofuna kuchepetsa zimene Darjeeling yachita. Ndayamba ndi kuilemekeza ndipo ndikuilemekezabe, chifukwa kusunga pangano kwa zaka zoposa 35 mumzinda umene anthu ake amasintha ngati madzi a mumtsinje ndi ntchito yaikulu, ndipo ana a ku Chiang Mai ndi ku Lamphun apindula nako. Ndikunena chifukwa kalabu imene yaonetsa kuti imatha kupirira chonchi ndi imene ingathenso kuchita chinthu china chovuta. Matimu akale a mpikisanowu akukalamba. Amene anali anyamata mu 1988 lero ali ndi zaka za m'ma 60 ndi 70, ndipo funso la amene adzadzaze malo awo silingathawidwe. Drifters ndi Wombats adzafunafuna kwawo ku England ndi ku Australia. Darjeeling ili ndi mwayi umene anzakewo alibe, pakuti ili mumzinda wodzaza ndi anthu odziwa kiriketi kuyambira ali ana, ongosowa wowatsegulira.

Timu ya Sixes imafuna anthu 6 pabwalo. Malo amodzi okha pa ulendo uliwonse atasungidwira mnyamata wa ku Sonapur, anzake n'kusonkherana tikiti yake ndi kukamupemphera tchuthi kwa abwana ake, mtengo wake sungapose ndalama zimene gulu lotere limamwera pa masiku awiri. Akafika kumeneko lamulo lija limugwira ngati wina aliyense: ampatsa mpira, aponye over yake.